Gemu ya Zaka Zana Limodzi

"Tabwezani kaye pamenepo, alamu," anatero makaniko akuloza pa sikirini ndi chala chosachoka girisi. "Mwadina chiyani?"

"Palibe. Kukula kwa mapu basi."

"Ndiye mukuthamangiranji ngati mwaba foni?"

Linali Lamulungu masana, tsiku limene makaniko sankajomba kunyumba kwa mlongo wake. Kwa zaka zitatu, iye ndi mlamu wake, yemwe anthu ankangomutchula kuti Wamawaya chifukwa cha ntchito yake yoika magetsi m'nyumba za anthu, ankasewera gemu ya pa laputopu yomanga mizinda ndi kulandana mayiko. Ankasinthana: wina akasewera chaka chake cha m'gemumo, ankakankhira laputopu kwa mnzake. Gemu yomaliza inawatengera miyezi isanu ndi inayi, ndipo makaniko anagonja anthu a mumzinda wake waukulu atamuukira pa chifukwa chimene sanachimvetse. Iye ankakayikira modi, zowonjezera zimene Wamawaya anakopera pa intaneti n'kuziika m'gemumo, monga miliri, chilala ndi zigawenga. Choncho lero, poyamba gemu yatsopano, anavala magalasi ake owerengera n'kukokera mpando pafupi.

"Mapu aang'ono," anawerenga. "Inuyo? Si inu munkati pamapu aang'ono munthu amayetsemulira mdani?"

"Laputopuyi yakalamba, ikumatentha."

"Adani a kompyuta atatu. Paja munkafuna asanu ndi atatu."

"Amangochedwetsa."

"Miliri mwazimitsa, zigawenga mwazimitsa." Makaniko anavula magalasi n'kumuyang'ana. "Zida zimene munandiphera nazo mwazitaya nokha? Ndiye kuti mwapeza china choposa. Mwabisa chiyani m'modi imeneyi?"

Wamawaya anaseka pang'ono. "Alamu, munagonja chifukwa munakweza msonkho anthu ali ndi njala. Musanamizire modi."

Anatsikira pa mzere wotsiriza, wa kutalika kwa gemu, n'kusankha zaka zana limodzi. Anachita mofulumira, mausi ili kale pa batani loyambira.

"Imani!" Makaniko anagwira dzanja lake. "Zaka zana? Imeneyo timaliza m'masabata anayi. Inu amene mumati gemu yosafika zaka chikwi ndi ya ana asukulu?"

"Nthawi zina munthu amafuna zaifupi." Wamawaya anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. "Komanso sabata ya mawa mubwere ndi fulashi, ndikukopereni gemuyi pamodzi ndi modi yake. Muzikhala nayo."

Mawu amenewo anamukhala makaniko pamtima. Zaka zitatu zonsezi ankapempha modi imeneyo kuti akaiphunzire kwake, ndipo mlamu wake ankakana ngati wamupempha impso. Anatsamira mpando n'kuyamba kuyang'ana m'nyumbamo. Kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala bokosi lofiira la zida, panali pongosesedwa bwino. Makwerero a ntchito a mlamu wake sanawaonenso pakhonde polowa. Ndipo mlongo wake, amene nthawi zonse ankabwera kudzawanyoza kuti ndi mafumu opanda nsapato, anangoika tiyi patebulo n'kubwerera osatulutsa mawu.

"Ndikamwe madzi," anatero makaniko.

Kukhitchini anapeza mlongo wake akupukuta mbale zouma kale.

"Zida za alamu zili kuti?"

"Anagulitsa."

"Munthu wamagetsi kugulitsa zida?"

"Achimwene, musandifunse ine. Kafunseni mnzanuyo." Anaika mbale pa shelefu, kenaka anaitsitsanso. Polankhulanso, mawu anali apansipansi. "Akuchoka kumapeto kwa mwezi. Akuti apeza ntchito kutali, ya zaka ziwiri, ndipo malo ogona ndi a amuna okhaokha. Ndinati ndione kalata ya ntchitoyo, akuti ikubwera. Dzina la kampani Lolemba linali lina, Lachinayi linali lina. Foni ikalira amakayankhira kubafa, atatsegula mpopi."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani? Mwina ndi ntchitodi. Ine ndingooneka wansanje."

Makaniko anamwa madzi amene sanali kuwafuna, n'kubwerera pabalaza. Wamawaya anali akulemba pa foni, ndipo atamva mapazi anaivundikira patebulo.

"Ndiyambitse?" anafunsa.

"Bweretsani kuno. Lero wosankha ndine, ndi mwayi wa wogonja."

Anakokera laputopu kwa iye. Ankadina ndi chala chimodzi, mosafulumira. Mapu anasankha aakulu kwambiri. Adani anabwezera asanu ndi atatu. Miliri, chilala ndi zigawenga anaziyatsa zonse. Pa kutalika anaika zaka chikwi.

"Alamu, imeneyo sinditha."

"Chifukwa?"

Wamawaya anayang'ana kukhitchini. "Akuuzani eti? Ndimati ndikuuzeni ndekha zikakhazikika. Ndapeza ntchito."

"Zabwino zonse. Kampani yanji?"

"Ndi yatsopano, simungaidziwe."

"Ili ndi dzina koma?"

"Mwayamba kundifunsa ngati wapolisi tsopano?"

"Ayi, ine ndine makaniko. Galimoto ikamalira mwachilendo ndimatsegula boneti." Anatembenuzira laputopu kwa mlamu wake. "Munandiuza nokha chaka chatha kuti gemuyi imatheka pa intaneti, wina ali kuno wina ali kutali. Ndiye palibe chovuta. Pitani kuntchito kwanuko. Lamulungu lililonse masana ine ndizibwera muno, ndizikhala pampando uno, mlongo wanga apa. Inu muziyatsa kamera, tizikuonani, tizionanso chipinda cha amuna okhaokhacho. Muzisewera chaka chanu, ine changa, mpaka chikwi chikwane."

"Netiweki kumeneko..."

"Foni imene mukumakayankhira kubafayo imachokera komweko, ndipo ikumveka bwinobwino. Ngati ndi ntchito, dinani apo tiyambe."

Wamawaya anaika dzanja pa mausi. Kamuvi ka pa sikirini kanafika pa batani loyambira n'kuima. Foni ija inanjenjemera patebulo, supuni ya mu kapu n'kulira nayo limodzi. Palibe anaigwira. Inasiya, kenaka inayambiranso.

Makaniko anangopinda manja n'kumadikira, monga amadikirira injini kuti izizire.

Wamawaya anachotsa dzanja pa mausi. Anatseka laputopu bwinobwino ndi manja awiri, n'kukhala kanthawi akuyang'ana chivundikiro chake.

"Amayi," anaitana mkazi wake. "Tabwerani mudzakhale pansi. Pali zoti ndinene."

Iye anatulukira, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Makaniko anaimirira n'kutenga makiyi ake kuti awapatse mpata.

"Khalani, achimwene," anatero mlongo wake akukoka mpando. "Mumve nawo. Mawa asadzati ndinamva molakwika."

Makaniko anabwezera makiyi patebulo n'kukhala pansi.