Anthu Makumi Awiri a Alamu Anga

"Akalembera akamabwera kwanga, muwauziretu atenge mapepala apadera," anatero alamu anga, a Birkha Dhoj, akumenya tebulo m'tiyirumu ya Pemba mpaka matambula anavina. "M'nyumba mwanga muli anthu makumi awiri! Onse Akulungu, onse olankhula Chikulungu chosathira madzi. Yendani phiri lonseli, khomo lotere simulipeza."

Ine ndinasuzumira pazenera kuyang'ana kumtunda, kunyumba yawo yamiyala ya zipinda zambirimbiri. Kautsi kotuluka padenga kanali kowonda ngati ka ndudu. Okhalamo ndinkawadziwa: alamuwo, achemwali anga a Asarmaya, ndi mphaka wa diso limodzi.

"Alamu," ndinatero, "mwawerengera ndi nsabwe zomwe?"

"Iwe Maitaraj, pakamwa pakopo ndi pamene panakulepheretsa kukwatira."

Mkangano wonse unali pa ola limodzi. Kusukulu ya m'mudzi mwathu, Lachisanu lililonse, ana ankaphunzira chilankhulo cha makolo kwa ola limodzi, ndipo mphunzitsi wake anali alamu, a mtundu wa Akulungu, osalandira kanthu. Chichokereni ana awo, ntchito yomwe inkawadzutsa m'mawa ndi kuwametetsa ndevu inali yomweyo. Koma Asampangi a kumunsi kumtsinje, mtundu wathu ine ndi achemwali, anali atayamba kudandaula kuti ana ambiri m'kalasimo ndi awo, bwanji akuwapotoza malilime ndi Chikulungu? Akomiti ya sukulu atatopa ndi phokoso anati: kalembera wa boma ali pafupi, chilankhulo chimene chitchulidwe kwambiri m'makomo a mudzi uno, ola ndi lake. A Narjit, mkulu wa Asampangi, anali atasoketsa kale jekete yauphunzitsi.

Musaganize kuti alamu ankanama. Anali ndi kawerengedwe kawo. Kwathu kuno nyumba ndi mafuwa atatu a pamoto, pamene amakhala makolo. Mwana akabadwa kapena mkazi akalowa m'banja, mwininyumba amadula jinja, kuthira mowa wamawere pamafuwapo ndi kutchula dzina la munthuyo, basi walowa. Zidzukulu zina alamu sanazinyamulepo, koma zonse anazisonyeza kwa makolo. Ndinawaonapo atagwada, atalozetsa foni kumafuwa, khanda likulira ku Hong Kong, iwo akuuza miyala kuti, "Uyu ndi wanu, musamuone kufiira."

Atabwerera kunyumba tsiku lodzitamalo, anawerenganso pazala n'kupeza kuti akuperewera mmodzi. Ndiye anabwera kudzanditenga pabenchi ya Pemba, pamene ndinkagona masiku amenewo.

"Mlamu, nyamula bulangete lako. Kuyambira lero ukukhala kwanga, ndipo ndiwe Mkulungu."

"Mkulungu amadya chiyani?"

"Nkhumba yowamba ilipo."

"Ndayamba kale kumva Chikulungu m'mimba."

Ine boma linali lisanandiwerengepo chibadwire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo kalembera aliyense ankandipeza kwina: ulendo wina ndikukumba malasha ku India, wina ndikutsuka mbale ku Malaysia, wina ndikulisha ngamila za Mwarabu amene ankazikonda kuposa ana ake. Munthu wa mapanga ambiri amavumbwa. Ndinati tiyeni, mwina nanenso ndikhalepo munthu, ngakhale wobwereka.

Mlembi wa kalembera anali mayi wa kuboma, a Tulasa Khadka, wamfupi, wachikwama chabuluu. Anayambira kumunsi, kwa Asampangi, n'kumakwera pang'onopang'ono. Alamu mtima sunakhale m'malo. Ankangoyenda ngati nkhuku yofuna kuikira: akwera pamtunda wa munda kukasuzumira chikwama chabuluu, atsika, asintha chisoti, akwera kachiwiri. Mawere anali atacha, mbalame zikudya chikondwerero, iwo alibe nazo ntchito. Anayala mphasa m'zipinda zonse. Anatulutsa mbale zamkuwa zakale n'kuzindandalika pashelefu. Anayanika pachingwe mabuluku a ana awo, amene njenjete zinali zitadyako kale mawondo.

Madzulo aliwonse ankandituma kwa Pemba kukatola nkhani, ndipo nkhani zake sizinali zogonetsa munthu.

"Nyumba za osula zitsulo wapeza maloko okhaokha," ndinawauza alamu. "Akuti khwisa wamera mpaka pakhonde."

"Amenewo si athu. Kwa Narjit walemba angati?"

"Sakunena. Koma akuti kwa Pemba wapeza zilankhulo zitatu m'nyumba ya anthu anayi. Telala uja tinkati Mmwenye, wapezeka ndi wa dziko lomwe lino, wa kuchigwa. Ndipo gogo wa kumphero wati chipembedzo chake ndi bondo, chifukwa ndi lomwe limamuuza za mvula."

"Mudzi wasanduka basi ya kutauni ya Dharan," anatero alamu, n'kutuluka kukasuzumiranso, ngakhale kunali kutayamba kuda.

Tsiku lina masana tikutonola chimanga pakhonde, ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo. Ndinatchera khutu. Mawu anali opindika, odyeka m'mbali ngati khasu lakale, komabe ndinawazindikira.

"Nyimbo yanji imeneyo, alamu?"

"Si ya msinkhu wako. Ndi Chikulungu chozama, chakalekale, chimene ngakhale ine sindichimva chonse. Makolo ankaimba popita kunkhondo. Amayi anga ankandiimbira."

Ndinatsegula pakamwa, koma achemwali ananditsina pantchafu mpaka ndinaona nyenyezi masana. Nyimboyo inali ya Chisampangi chenicheni, yomwe amayi athu ankatiimbira ife: gona, kamphuno kamamina, abambo ako apita kukasaka mchere. Nkhondo yake inali imeneyo.

Alamu atapita kukasuzumira, achemwali anandikokera kukhola la nkhumba.

"Amayi awo anali a kwathu," anatero motsitsa mawu. "Apongozi aamuna anachita kuwathawitsa kwa mwamuna wina, ndiye kumene anachokera sikunkatchulidwa. Anamwalira alamu akowa akuphunzira kuyenda. Sakudziwa kanthu."

"Ndiye zaka zonsezi mwangokhala chete?"

"Alibe chithunzi chawo, alibe ngakhale ndolo. Ali ndi theka la kanyimboko basi. Ukatsegula pakamwa pakopo, ndikuthira madeya a nkhumba m'khutu."

Kusunga nthabwala yokoma chotero kunandiwawa ngati chithupsa. Koma achemwali ndi amene anandibereka kumsana, ndipo dzanja lawo ndimalidziwa.

Chikwama chabuluu chinafika pakhomo Lachitatu, dzuwa litakwera. Alamu anali atavala mendulo yausilikali ya mwana wawo wamkulu. Mayi Khadka anavula nsapato, anakhala pamphasa, anayang'ana mbale zamkuwa zija, kenako ife atatu ndi mphaka.

"Enawo ali kumunda, agogo?"

"Ali pafupi. Lembani: Tek Bahadur, mwana wanga woyamba."

"Amagona kuti a Tek?"

"Mtima wake umagona muno."

"Ndafunsa za thupi, agogo."

"Thupi lili ku Hong Kong. Likulondera banki."

"Chichokereni ndi liti?"

Alamu anayang'ana kudenga. Achemwali, ali pamoto akukazinga chimanga ndi soya, anayankha: "Mbuzi imene tinapha potsanzikana naye, zidzukulu zake zinafa ndi ukalamba."

Mayi Khadka anatembenuza tsamba. Anafotokoza mwaulemu kuti amene ali kunja kwa dziko ali ndi malo awoawo, a anthu osapezeka pakhomo, ndipo pamenepo chilankhulo safunsa. Amene ali m'matauni a dziko lomwe lino awerengedwa komweko.

Ndiye nyumba inayamba kuphwa ngati thumba lobooka. Wachiwiri ku Qatar. Wachitatu ku Korea, mkazi wake ndi ana ku Kathmandu. Mtsikana akusamalira nkhalamba za eni ake ku Japan. Alamu ankaimirira, kukhala, kuimiriranso. Analoza mabuluku pachingwe. Analoza mafuwa.

"Onsewa mayina awo ali pamiyala iyi! Funsani makolo!"

"Makolo akhala ndi kalembera wawo, agogo. Wanga ndi wa ogona muno."

"Chabwino, chitsirizira changa, Hasta! Nyumba ino ndi yake mwa mwambo. Abwera ikatha mvula."

"Mvula yake iti?" anatero achemwali. "Ali ndi golosale kutauni ya Itahari, mkazi wake ndi wa mtundu wina, Mtharu, ndipo ana ake akatiimbira foni amatipatsa moni m'Chinepali ngati owerenga nkhani pa wailesi."

"Amake Tek, kazinga chimanga!"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu," ndinatero pofuna kuziziritsa zinthu. Anandiyang'ana ngati ndine ndinagawa mapasipoti.

Tsopano mayi Khadka anatembenukira kwa ine. "Inu bambo, mumakhala muno?"

"Chifikireni nkhumba yowamba."

"Kwanu kwenikweni?"

"Mayi, funso limenelo apolisi a mayiko anayi analephera nalo."

Anaseka, n'kunena kuti poti palibe denga lina londidziwa, andilemba pomwepa. Ndinamva kutentha pachifuwa, sindinama. Zaka zonsezi, ndipo cholembera chinangotenga kanthawi kochepa ngati kuphethira.

"Chilankhulo chanu choyamwira?"

Alamu anakhosomola mwamphamvu.

"Choyamwira ndiye chiti, mayi? Ine ndimatukwana m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi."

"Chimene amayi anu ankakulankhulani muli khanda."

Kumanja kunali nkhumba ya alamu, kumanzere manda a amayi anga. Ndinaloza kumoto. "Ine ndinali wamng'ono, sindikumbuka bwino. Awa ndiwo anayamba kuyamwa bere lomwelo. Chimene anene, n'changanso."

Achemwali sanatembenuke n'komwe. "Chisampangi."

Alamu anatembenukira kumoto.

"Amake Tek! Zaka makumi anayi ukulankhula Chikulungu m'nyumba muno!"

"Sanafunse cha ukwati, abambo a Tek. Afunsa cha amayi anga. Ndakupatsani ana asanu, msana wanga ndi mano anayi. Amayi anga ndiye ayi, sindikupatsani."

"Ukupereka ola langa kwa Narjit! Anthu awiri, ochokera pamafuwa anga!" anakuwa alamu. "Chisampangi n'chilankhulo? Si kulira kwa achule a kumtsinje kumene kuja? Mayi woyamwitsa mwana m'Chisampangi amalera wonyamula katundu wa anzake!"

Mpeni umenewo unkalasa ine, koma amene anasiya kutakasa chimanga anali achemwali. Anaika kamtengo pansi pang'onopang'ono.

Mayi Khadka anayesa kuthamangira kumapeto. "Mwatsala inu, agogo."

"Eya, ndatsala ine! Lembani mmodzi, koma mulembe ndi zilembo zazikulu. Kambuku mmodzi saopa mbuzi makumi awiri. Birkha Dhoj, Mkulungu wa Akulungu!"

"Amayi anu ankakulankhulani chilankhulo chanji?"

"Mukufunsa? Imvani nokha, mukawauze kuboma kuti mwamva Chikulungu chimene sichipezekanso pena paliponse."

Anaimirira, anakonza mendulo, dzanja pachifuwa ngati msilikali pa perete, n'kuyamba kuimba nyimbo yawo yankhondo mokweza mpaka mphaka anathawa. Ine ndinaluma bulangete. Anaimba za kamphuno kamamina ndi nkhope yoopsa, anaimba za mchere akuponda pansi, n'kufika pamene amalekezera nthawi zonse.

"Imathera pamenepa," anatero akupuma mwabefu. "Zotsalazo zinapita ndi makolo."

Apo ndi pamene mawu anachokera kumoto, otsika, osathamanga. Achemwali anaitola nyimboyo pomwe inadukira. Abambo ako akabwera ndi mchere m'dengu, ndi kansalu kofiira ka iwe, gona, usadzutse nkhuku. Manja awo, akuda ndi mwaye, ankagwedezeka okha ngati muli khanda.

Dzanja la alamu linatsika pachifuwa. Milomo yawo inayamba kuyenda yokha, kutsatira mawu amene anali asanawamve chiyambire kuyenda ndi miyendo iwiri.

"Mayi, inunso mumaidziwa?" anafunsa mayi Khadka.

"Kwathu kumtsinje mkazi aliyense amaidziwa," anatero achemwali, akutolanso kamtengo kawo. "Ndi ya achule. Timagonekera mwana wachimfine."

Mayi Khadka anayang'ana alamu, cholembera chili m'malere.

"Ndiye ndilembe chiyani, agogo?"