Dziwe la Chinangwa la NyaManda

Stella NyaManda anapeza dziwe lake litakwiriridwa pamene amachokera ku msonkhano wa amayi a Umanyano. Anali akadali mu bulauzi yoyera ndi duku loyera, Baibulo lili m'khwapa. Pamalo pomwe m'mawa panali madzi panali mchenga watsopano, wosalazidwa bwino ndi fosholo, ndipo wina anali atandandalika miyala yopaka laimu kuzungulira malowo.

Pansi pa mchengawo panali chinangwa chake. Chinangwa cha ku Chintheche n'chowawa, sichidyeka mpaka chitagona m'madzi masiku angapo, chifewe ndi kutaya ululu wake. Chikafewa amachisinja, kuchiyanika padzuwa, n'kupanga ufa wa kondowole. Dziwelo analikumba ndi malemu mayi ake kuseri kwa nyumba yaikulu, pomwe kasupe amatumphuka asanatsikire kunyanja, ndipo mabanja anayi ankaviikamo.

Bessie, mkazi wa msuweni wake, anali ataima pampanda manja ali m'chiuno.

"Wachita zimenezi ndani?" Stella anafunsa.

"Inabwera lole mutangochoka, mlamu. Anyamata a ku Kande. Akuti awatuma ndi a Winston."

"Iwe unali kuti?"

"Ndinali pompano. Mumafuna ndigone pansi pa matayala? Changanso chili momwemo."

Winston anali mlongo wake wamng'ono, ndipo ankagwira ntchito ku Lilongwe. Nyumba yaikuluyo anamanga ndi bambo awo atabwera kumigodi ku Joni. Bambowo atamwalira, Winston anaifolera malata atsopano, anaika sola padenga ndi bafa lalikulu loyera lomwe anakagula ku Mzuzu, anaijambula zithunzi n'kuika pa intaneti. Anthu anayamba kubwera: azungu a zikwama kumsana, mabanja a ku Lilongwe odzagona Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Stella anasamukira m'kanyumba ka kuseri. Ankachapa mashiti, kusesa, kusunga makiyi, ndipo sanadandaulepo.

Mu Juni akhonsolo analengeza kuti nyumba zoterezi zachuluka m'mbali mwa nyanja. Nyumba iliyonse yogoneka alendo iyenera kuyenderedwa ndi kupatsidwa chiphaso, ziphasozo zidzakhala zowerengeka m'dera lililonse, ndipo wolephera adzadikira chaka chamawa. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti pafupi ndi nyumba pasakhale madzi odikha, chifukwa cha udzudzu ndi fungo. Winston anaimba foni mu Julaye kunena za dziwelo. Stella anakana. Winston anati, "Chabwino achemwali, tidzakambirana ndikabwera." Tsopano unali Ogasiti, woyendera nyumba amabwera mawa lake, ndipo kukambiranako kunali lole ya mchenga.

Stella anaika Baibulo pampanda n'kuimba foni.

"Winston, wakwirira chakudya changa."

"Achemwali, mwaswera bwanji kaye?"

"Moni wako sunga. Ndati wakwirira chakudya changa."

"Ndikugulirani migolo yapulasitiki. Masiku ano anthu akuviika m'migolo, si nkhani yachilendo."

"Madzi odzaza m'migolomo azisenza ndani? Ine ndi msana wangawu? Kapena a NyaLongwe oviika nafe, oyendera ndodo aja?"

"Mverani achemwali. Alendo akulemba pa intaneti kuti kumanunkha. Mzungu wina analemba kuti kuseri kwa nyumba kwafera galu."

"Galu ameneyo ndiye anakukuza iwe. Unkapita kusukulu m'mimba muli chiyani? Buledi?"

"Sindikufuna kukangana. Ndifika mawa m'mawa. Nyumba ikhale yoyera, mashiti atsopano ali m'kabati."

Winston anadula foni.

Stella sanavule n'komwe yunifomu. Anatenga khasu, Bessie anatenga fosholo, ndipo anayamba kufukula. Mchenga unali wambiri koma wofewa. Chinangwa chinatuluka chodzaza dothi, china chitasweka ndi kulemera kwa mchenga. Stella anachifinya ndi chala. Chinali chisanafewe mkati. Chikangokhala panja chotero chida n'kuwola, osadyekanso.

"Tikaviike kunyanja," anatero Bessie.

"Ndi mphepo ya mwera iyi? Pofika mawa chili ku Likoma."

"M'miphika?"

"Uli ndi miphika ingati iwe?"

Stella anapisa dzanja m'thumba la siketi momwe munali makiyi. Bessie anaona, ndipo anaika fosholo pansi.

"Mlamu, ayi. Zimenezo ayi."

"Nyumba ya ada anga, bambo ondibereka. Makiyi ali ndi ine. Madzi a m'thanki ndimapopa ndine. Nyamula dengu."

Stella ankadziwa chimene akuchita. Ankadziwa kuti woyendera nyumba akubwera, ndiponso kuti ziphaso n'zowerengeka. Anatseka potulukira madzi m'bafa loyera lija, anatsegula mpopi, n'kukhuthuliramo madengu onse, ake ndi a Bessie ndi a NyaLongwe. Kenako anasesa nyumba yonse, anayala mashiti atsopano, anapukuta mawindo, n'kutseka chitseko cha kubafa.

M'mawa mwake Winston anachedwa pamsewu, moti anafika pamodzi ndi woyendera nyumba. Anali mayi wamfupi wokwera njinga yamoto, dzina lake Idesi Phambala, wa ku Ntcheu, ndipo Chitonga sankachimva. Winston anali atavala shati yabwino. Anapatsa Stella moni wapakamwa osamuyang'ana, n'kutsogolera mlendoyo pakhonde.

Anamuonetsa zonse. Maneti a udzudzu pabedi lililonse. Chozimitsira moto pakhoma la kukhitchini. Dzenje la zinyalala lokhala ndi chivundikiro. Mayi Phambala ankagwedeza mutu n'kumalemba. Stella ankatsatira pambuyo, manja atapinda.

Fungo linayamba kumveka m'kanjira kopita kuzipinda. Mayi Phambala anaima, anakwinya mphuno.

"Bambo Manda, chimbudzi chanu chili bwino?"

"Chili bwino kwambiri mayi, chatsopano."

Winston anatsegula chitseko cha kubafa ndi manja ake. Fungo linawagwera kumaso. Bafa linali lodzaza mpaka pakamwa, madzi otuwa ali ndi thovu pamwamba, chinangwa chili yandayanda. Ntchentche ziwiri zinali zitapeza kale polowera.

Khosi la Winston linatupa mitsempha.

"Pepani mayi," anatero Winston. "Ndi kusamvetsa kwa wantchito. Tichotsa pompano."

"Wantchito ndi ndani?" Stella anafunsa.

"Achemwali, chonde."

"Ndafunsa kuti wantchito ndi ndani. Tandiloza. Ndinakubereka kumsana m'nyumba muno ama ali kumunda, unkandinyowetsa nsalu, lero ndine wantchito? Mayi, ine ndine Stella NyaManda. Nyumba ino anamanga ndi bambo anga. Chinangwa icho n'changa ndi cha anzanga, ndipo ndaika ndine, ndi dala, ndili ndi nzeru zanga zonse."

Mayi Phambala anatseka kope lake. "Chifukwa chiyani m'bafa, amayi?"

"Bwerani muone."

Anawatengera kuseri. Mchenga unali wofukulidwa, miyala ya laimu itamwazika, ndipo pansi pa dzenjelo madzi anali atayamba kale kubwerera. Stella anafotokoza mosathamanga: amene anakumba dziwelo, mabanja amene amaviikamo, lole ya dzulo.

"Lamulo lanu ndi limene landikakamiza!" Winston anakuwa, kutembenukira kwa mayi Phambala. "Munati pasakhale madzi odikha. Ndikanatani? Ndaika zanga zonse m'nyumba muno. Ndikuchita zimene akhonsolo afuna, ndiye mlandu ukhale wanga?"

"Lamulo likutero ndithu," anatero mayi Phambala. "Silinasinthe. Nyumba ya alendo ndi dziwe ili sizingakhale pamodzi. Ndipo apa pali kasupe, bambo. Mukuona nokha kuti madzi akubwerera. Ngakhale bafa likanakhala loyera, izi sindikanazilumpha."

"Ndithiramo simenti."

"Muthire simenti pa madzi anga?" Stella anamuyandikira. "Yesa."

"Zimenezo mukakambirane pabanja," anatero mayi Phambala. "Ine ndilemba zimene ndaona. Chaka chino chiphaso palibe. Mudzapemphenso chaka chamawa, ndipo kufikira nthawi imeneyo musagoneke mlendo muno. Amene analipira kale muwabwezere."

Winston anamutsatira mpaka panjinga, akuchonderera kuti abwerenso Lolemba. Mayiyo anati Lolemba ali ndi nyumba za ku Makuzi, ndipo anthu odikira ziphaso ndi ambiri kuposa ziphasozo. Ali mkati movala chisoti, Stella anamufunsa:

"Nanga dziwe, mayi?"

"Nyumba yopanda chiphaso ndi nyumba ya banja basi. Za dziwe la pamudzi wa munthu sananditume."

Njinga itapita, Winston anatambasula dzanja.

"Makiyi."

"Chinangwa chifewa Lamulungu. Udzatenga Lamulungu."

"Mukudziwa zimene mwachita, achemwali? Mukudziwa? Chaka chathunthu nyumba ikhala yotseka chifukwa cha kondowole!"

"Ukanabwera kudzakhala pansi monga unanenera, bwenzi tikukamba zina. Unatuma lole ine ndili kutchalitchi."

"Ndiitana akuluakulu a banja."

"Aitane. Uwauze kuti adye buledi asanabwere."

Winston anabweza dzanja lake.

"Musadzandiimbirenso foni."

Analowa m'galimoto, anamenyetsa chitseko, n'kubwerera cham'mbuyo mothamanga mpaka kugunda nthochi ya pachipata. Stella anamva mawu aja akumuluma pachifuwa. Anali mlongo wake yekhayo. Anaima pomwepo mpaka galimoto italowa mumsewu waukulu, ndipo mkwiyo sunamuchoke, ngakhale maso anali atayamba kumutentha.

Bessie anasuzumira pampanda.

"Apita?"

"Apita."

"Ndiye titani, mlamu?"

"Kaitane a NyaLongwe, abwere ndi ana awo aakazi ndi mafosholo. Mchengawu tiutaye kumsewu, pomwe galimoto zimatitimira."