Ku Mbenji Mkazi Saponda

Amuna anga, bambo a Sharon, anasiya kumwa ma ARV chifukwa cha foni ya Latif, mnzawo wa m'bwato. Pafonipo anamva kuti kuli bowa wokhala ndi mchere wotchedwa seleniyamu, umene umadzutsa asilikali a m'thupi.

"Wamva? Bowa! Womwe timauponda kuthengoku," anatero. "Mapilisi aja akundizunguza mutu, tsiku lina ndidzagwera m'nyanja."

Ndinabereka Sharon n'kupita kuchipatala kukafunsa. Anesi anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, zimenezo amayesera m'kambale ka galasi, pa timadontho ta magazi, osati pa munthu woyenda. Bowa wakenso amachita kulima mwapadera, si wa m'tchire. Ndiwo adye, koma mankhwala asasiye. Za mutuzo abwere tidzaone."

Kunyumba ndinakawauza bambo a Sharon momwemo. Anaseka.

"Amake Sharon mwasanduka dokotala? Achipatala angayamikire chinthu chomera chokha?"

Bowa ndinali nditafutsa ndekha m'dzinja, n'kumanga m'zikwatu za masamba kuti tidzadye m'chilimwe. Usodzi utatsegulidwa pachilumba cha Mbenji, anatenga zikwatu zonse. Apo n'kuti atayamba kale kutsokomola usiku. Botolo la mankhwala ndinalibisa m'chikwama chawo, m'kati mwa juzi. Pochokera kotunga madzi ndinalipeza pazenera, eni ake atapita.

Ndinathamangira kudoko la Chikombe, botolo nditalikulunga m'nsalu kuti mapilisi asamveke. Bwato lawo linali litanyamuka kale. Lina linali kupakira ufa ndi nkhuni.

"Achimwene, ndikwere nawo," ndinapempha mwini bwato.

"Alamu, mwaiwala? Ku Mbenji mkazi saponda. Mukufuna mizimu itikwiyire tonse?"

"Mwawasowa kale? Sanagoneko n'komwe!" anakuwa wina, onse n'kuseka.

"Ngati pali katundu tipatseni, tikapereka," anatero mwini bwato, atatambasula dzanja.

Botolo limenelo kuno aliyense amalidziwa. Ndikanapereka, chilumba chonse chikanamva lisanalowe dzuwa, ndipo bambo a Sharon analumbira kuti tsiku limene anzawo adzadziwe, pakhomo panga sadzabweranso. Komanso atalandira, akanamwa?

"Katundu palibe," ndinatero. "Mukangowauza kuti chifuwa chija chikakula asalimbe mtima, abwere."

"Basi?"

"Basi."

Analiza injini. Ine ndinaima pamchengapo, dzanja litagwira mfundo ya nsalu, mpaka Sharon anayamba kulirira bere. Ndinakhala pansi n'kumuyamwitsa.