Chotsekera cha Mlombwa

Bambo anga, a Blasius, ndinawaona komaliza ali moyo pa siteshoni ya sitima pa Balaka, kumayambiriro kwa Seputembala 1950. Anandiperekeza pa galimoto yawo, bokosibode yakale imene anagula kwa mmwenye atabwerako ku nkhondo. Titangotsala pang'ono kufika, galimotoyo inatsamwa nkuzima, ndipo tinachita kuikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango. Sitima inalowa iwo mutu uli m'boneti. Ndinati, "Bambo, ndapita." Anangokweza dzanja lamanzere, lakuda ndi girizi, osatembenuka. Ine ndinali nditavala malaya oyera a ku koleji, choncho dzanjalo sindinaligwire.

Telegalamu inandipeza m'Novembala ku koleji ya aphunzitsi, ndili m'chaka chachiwiri. Ndinafika kwathu ku Rivirivi ataika kale. Ku koleji sindinabwererenso. A ku kolejiko analemba kalata kawiri, ine osayankha.

Nkhani ya imfa yawo ndinaimva kwa anthu ambiri, ndipo inali imodzimodzi. M'mimba munawatupa, ndipo namwino wa pa mishoni anati matumbo apotana, afike ku Zomba tsiku lomwelo akang'ambidwe. Amene anawanyamula anali Che Usumani, Msilamu wa kwa Kawinga, mnzawo wa ku nkhondo, amene ankayendetsa nawo galimotoyo ponyamula thonje ndi nsomba zouma. Anathira petulo pa Balaka dzuwa lili paliwombo. Kuchoka pa Balaka kufika pa Liwonde ndi ulendo wa ola limodzi, koma galimoto inazima katatu. Anafika pa Shire dzuwa litalowa, owolotsa magalimoto ataweruka. Bambo anatsirizikira pagombe pomwepo, mutu uli pamiyendo ya amayi.

M'mawa mwake galimoto yomweyo inabwera ndi mtembo mpaka kumudzi osatsokomola ndi kamodzi komwe.

Azakhali anga, a Ida, mlongo wawo wa bambo, ndi amene anayamba kunena. Ankati galimoto yanji yokana kunyamula wamoyo nkuvomera kunyamula mtembo. Ankati Usumani ankazimitsa dala kuti galimotoyo imutsalire. Amayi atafunsidwa anangoti iwo za injini sadziwa, anangoona munthu akumasula zitsulo nkuzimanganso. Pofika Disembala palibe Mkhristu wa kwathu amene ankapereka moni kwa Che Usumani. Akazi awo, a Nafisa, akayala mandazi pamsika, amayi ena ankasuntha malichero awo. Azakhali anali atanena kuti mwana wawo akabwera patchuthi kuchokera ku Joni pakati pa Januwale, adzapita naye kupolisi kukawanenera Che Usumani.

Ine ndinawakhulupirira azakhali. Zinali zopepuka kuposa kukhala wopanda womukwiyira.

Ndinapita kunyumba kwa Che Usumani kuseri kwa masitolo a pa Balaka kuti ndikawatukwane. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga ya munthu wina. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera, kenaka anandipatsa mpando. Anati sakupempha kuti ndiwakhulupirire. Galimoto ili pakhomo pathu, ndiyende nawo mpaka idzazime ine ndikuona.

"Inu mwawerenga mabuku, aphunzitsi," anatero. "Ine ndamasula injini imeneyi zaka zisanu ndipo yandikanika. Mukandiuze inuyo chimene chinapha mbale wanga."

Tinayenda milungu isanu. Tinkanyamula chilichonse chimene chapezeka: mbewu ya thonje, malata a mmwenye, mbuzi, tsiku lina bokosi la maliro lopanda kanthu. Mvula inali itayamba ndipo misewu inali phala. Ndinatenga kope limene ndinkalembamo maphunziro a kaphunzitsidwe, nkuyambira kumapeto kwake kulemba tsiku, nyengo, katundu ndi mamailosi. Che Usumani ankandiyang'ana chammbali.

"Lembani, aphunzitsi, lembani. Mwina ikaona dzina lake m'buku ichita manyazi."

Masiku ambiri sinkavuta konse. Ndinkapukusa handulo kawiri, injini nkulira, tsiku lonse bwinobwino. Madzulo azakhali ankandifunsa ngati yazima, ndikati iyayi, iwo nkuseka mopanda chimwemwe. Masiku oterowo ndinkadana nayo galimotoyo kuposa masiku imene inkatisiya panjira.

Pa milungu isanuyo inazima kanayi. Kazimidwe kake kanali kamodzi: inkayamba kufooka ngati munthu wanjala, nkugwedezeka, nkutsokomola, kenaka zii. Koyamba tinati ndi mapulagi. Tinawapala, nkupalanso mapoyinti ndi kachidutswa ka bokosi la machesi, ndipo patatha ola inalira. Kachiwiri tinapeza kabuleta itauma, tinati ndiye pampu ya petulo yatentha, tinaikulunga ndi chiguduli chonyowa. Kachitatu tinamasula paipi, ine nkuuzira ndi pakamwa mpaka kumva thovu m'thanki, ndipo milomo inandiwawa masiku awiri. Kachinayi tinasintha koyilo ndi ina imene Che Usumani anazula pa lole yogwera mu dambo. Nthawi iliyonse galimoto inkalira, ndipo nthawi iliyonse tinkati tachipeza. M'kope mwanga munalibe chogwirizana. Inazimapo kukutentha, inazimapo kukugwa mvula, yolemedwa ndiponso yopanda katundu.

Tikakhala pambali pa msewu kudikira, Che Usumani ankakamba za bambo. Ankati ku nkhondo bambo ankaopa ngamila kuposa zipolopolo. Ankati bambo akamayendetsa ankaimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa dala, kuti awakwiyitse iwo Msilamu amene ankazidziwa bwino kuposa mwini wake. Sindinkafuna kuseka, koma nthawi zina ndinkaseka. Za tsiku la imfa anandiuza kamodzi kokha. Pozima koyamba anapala mapulagi. Pozima kachiwiri ndi kachitatu anamasula pampu yonse nkuimanganso, bambo akubuula kumbuyo. Bambo anawauza kuti asathamange, angataye sikuluwu m'fumbi.

Chaka chatsopano chitangodutsa tinapeza ulendo wa ku Phalula, kukatenga matumba a nyemba ndi kukawasiya ku Ncheu. Petulo anali wosowa masiku amenewo ndipo kawirikawiri tinkathira magaloni awiri kapena atatu, koma ulendowu unali wautali, choncho tinadzaza thanki mpaka pakamwa. Che Usumani anatseka nkumenya chotsekera ndi chikhatho monga ankachitira nthawi zonse. Titangowoloka Rivirivi, pachitunda, galimoto inayamba kufooka.

Inali nthawi ya swala ya masana. Che Usumani anati injini idikire, Mulungu sadikira, ndipo anatenga kamkeka kawo nkupita pansi pa mtengo. Ine ndinatsala ndekha. Ndinali nditatopa moti boneti sindinalitsekule nkomwe. Ndinangozungulira galimoto, ndipo pofuna chochita ndi manja ndinatenga kandodo koyezera petulo, ngakhale ndinkadziwa kuti thanki ndi yodzaza.

Chotsekera chinakana kuzuka. Ndinakoka ndi manja awiri, phazi nditaponda pa bampala. Chitazuka, thanki inapuma mpweya mokoka ngati munthu wovuuka m'madzi, ndipo chitsulo chake chinachita kuti gubu, kubwerera m'malo. Mvula inali italeka, kunali bata, ndiye ndinamva bwinobwino.

Ndinapita kutsogolo nkupukusa handulo. Nditapukusa kachisanu, injini inalira.

Che Usumani anamaliza swala yawo osafulumira. Atabwera ndinawauza, ndipo tinayesa. Tinamenya chotsekera mwamphamvu, tinayenda mamailosi anayi, inazima. Tinazula, inalira. Tinachita katatu. Kenaka tinangochikhazika pamwamba osamenya, ndipo tinafika ku Phalula osaima. Nkhani yonse inali yomweyo. Petulo akamatuluka m'thanki pamafunika mpweya ulowe m'malo mwake, ndipo chotsekeracho sichinkalola. Thanki ikakhala yodzaza, mpweya wa mkatimo umakhala wochepa, pampu imalephera msanga. Tikamamasula paipi kapena kungodikira nthawi yaitali, mpweya unkalowa pang'onopang'ono, ife nkumathokoza mapulagi ndi chiguduli. Tsiku la imfa Che Usumani thanki sanaitsekule. Akanaitsekuliranji? Anali ataidzaza okha.

Chotsekeracho ndinasema ndine.

Chivindikiro chenicheni chinatayika chaka cha njala, ndipo bambo ankatseka ndi chitsononkho chokulunga kansalu. Chitsononkho chimapuma. Patchuthi cha Ogasiti ndinachita nacho manyazi. Ndinawauza kuti ku koleji tinaphunzira kuti petulo amauluka, ndipo iwo akutaya petulo mumlengalenga ngati anthu osaphunzira. Mawu amenewo ndinawanena ndithu. Ndinatenga chidutswa cha mlombwa, ndinachisema masiku awiri, ndinachikulunga ndi mpira wa chubu kuti chigwire zolimba. Bambo ankachionetsa kwa aliyense pa Balaka, ati onani ntchito ya mwana wa ku koleji. Iwo ankachikhazika mofatsa kuti mpira usang'ambike. Che Usumani, ndi dzanja lawo la usilikali, ankachimenya.

Ku Phalula tinakhala pa matumba a nyemba. Che Usumani ankadziwa amene anasema. Analipo tsiku limene ndinachipereka.

"Dzanja lomenya linali langa," anatero pomaliza.

Ndinati iyayi.

Anati pobwerera tichiponye mu Rivirivi, tikanene kuti munali chinyalala m'paipi. Ndinawafunsa ngati azakhali angakhulupirire chinyalala chimene sanachione. Anati mwina ayi. Koma iwo ndi munthu wamkulu, kwa Kawinga kuli munda wa akazi awo, ndipo apolisi sangamange munthu chifukwa cha galimoto yozima. Angosamuka basi. Amayi anga ataya mwamuna, asatayenso mwana ali moyo.

Sindinachiponye, koma sindinanene. Ndinayenda nacho m'thumba la kabudula masiku anayi, thanki titatseka ndi chitsononkho. Ndinkadya pamodzi ndi amayi, iwo nkumandisankhira nsomba yaikulu. Lolemba ndinadutsa kwa Che Usumani ndipo ndinapeza a Nafisa akumanga miphika m'dengu ndi udzu, nkhuku zili kale m'chitete. Anandilonjera mwaulemu, nkundifunsa za amayi.

M'mawa mwake ndinapempha azakhali ndi amayi kuti akwere galimoto. Azakhali anati sakhala pafupi ndi munthu ameneyo, choncho ndinayendetsa ndine, iwo pambali panga, amayi ndi Che Usumani kumbuyo. Pa Balaka ndinadzaza thanki iwo akuona. Ndinatulutsa chotsekera m'thumba, ndinawaonetsa, nkuchimenya ndi chikhatho. Ndinalowa msewu wa ku Liwonde, ndipo ndinawauza kuti tisanafike pa mlambe waukulu wa patsogolo, galimotoyi izima.

"Ku koleji amaphunzitsanso zoombeza?" anafunsa azakhali.

Inazima mlambe ukuoneka. Ndinawatsitsa, ndinawauza ayandikize khutu, ndipo ndinazula. Anamva. Ndinapukusa handulo, injini inalira. Azakhali anati ndichitenso. Tinachitanso, ndipo ulendo wachiwiri anazula okha, atakulunga chotsekera ndi nsonga ya chilundu chawo. Anachitembenuza m'manja, nkukanda mpira ndi chikhadabo.

"Ndiye kachinthu aka?"

"Eya, azakhali."

"Anaika ndani? Achimwene ankatseka ndi chitsononkho."

Che Usumani anayamba kunena kuti zinthu za pagalimoto zimachokera uku ndi uku. Ndinawadula mawu, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu.

"Ndinasema ndine. Ndinawauza kuti chitsononkho ndi cha anthu osaphunzira."

Palibe analira. Injini inkangolira pambali pathu, ikugwedeza malata ake. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana pansi. Anazungulira galimoto mpaka pamene panaima Che Usumani, anagwada pang'ono monga amachitira mkazi polonjera, ndipo anafunsa kuti a Nafisa adzuka bwanji. Che Usumani anati adzuka bwino, kaya iwo. Azakhali anati adzabwera Lachisanu kudzawaona, asamange katundu.

Amayi anatambasula dzanja, azakhali nkuwapatsa chotsekeracho. Anachiyang'ana, anachimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo anati iwo abwerera pansi. Che Usumani anawauza kuti ndi kutali, dzuwa likutentha. Anati adziwa. Ndinawasiyira Che Usumani galimoto nkuwatsatira amayi m'mbali mwa msewu, mapazi khumi kumbuyo kwawo. Sanandibweze, ndipo sanandidikire.

Linali Lachiwiri, pa 9 Januwale 1951.