Besi Patsogolo

Bessie Kachingwe anali telala pa Lufita, ndipo anthu a pa Chitipa ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: kusoka madiresi a ukwati ndi kuphunzitsa masitepe operekeza akwati. Kwawo kunali ku Dedza. Anabwera kuno ndi mwamuna wake, mlangizi wa zaulimi, ndipo mwamunayo atamwalira abale anatumiza uthenga woti abwerere kumudzi. Iye anayankha kuti makasitomala ake ali ku Chitipa, basi nakhala.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, anagula belo la majekete a kaunjika kwa mayi wina amene ankapikula katundu ku Tanzania. Akusankha oyenera kukonza, anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete lina lachikopa, n'kutulutsa kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anapita nako kwa Sosten Kayange, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi pa chitseko chotsatira.

"Mwawuka uli, a Kayange?"

"Tawuka makora, amama. Mwatola vichi?"

"Ndiuzeni ndinu. Ngati ndi bomba, liphulikire kwanu kuno."

Sosten anaseka, natembenuza kachipangizoko. Anati n'kosungiramo nyimbo, kakale ndithu. Anakatchaja pang'ono, kenako anakalumikiza ku sipika ya pa tebulo lake.

Choyamba kumveka inali ng'oma, youma, yothamanga, yosakhota. Kenako inalowa besi, ndipo sinabisale kumbuyo monga imachitira m'nyimbo zambiri. Inali patsogolo, ikuyenda mwamatama, ikubwereza kanjira kamodzi komweko. Gitala inkangobwera mwa apo ndi apo, kukanda kawiri katatu n'kukhala chete. Woimbayo sankaimba kwenikweni. Ankalankhula mokuwa m'Chingerezi chothamanga, ngati kondakitala woitanira anthu pa depoti.

"Yayi," anatero Sosten, akutambasula dzanja kuti azimitse. "Iyi si nyimbo. Gitala akuipalasa ngati nkhuku pa dzala."

"Tasiyani kaye."

Phazi la Bessie linali litayamba kale kuponda pansi, chidendene ndi zala, monga limachitira pa makina osokera.

"A Kayange, Lamlungu lililonse ndimakuonani kutchalitchi mutanyamula besi. Mumaima kuseri kwa kiyibodi ngati mwalakwa mlandu. Tamverani mnzanuyo mmene akuyendera."

Sosten anabweza dzanja. Anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Kenako anafunsa ngati angakopere nyimbozo mu foni yake.

Kuyambira tsiku limenelo Bessie ankasoka ndi nyimbo zimenezo. Zinalipo makumi anayi ndi ziwiri, ndipo pafupifupi zonse zinali za mtundu womwewo. Mawu ake sankawamva bwino, komanso analibe nawo ntchito. Chimene chinkamukoka n'chakuti nyimbozo zinalibe mafuta. Chilichonse chinali ndi malo ake, ngati chovala chodulidwa bwino chopanda nsalu yolendewera. Ndipo zinali ndi chizolowezi choima mwadzidzidzi, zii, kenako n'kubwerera zonse pamodzi, moti thupi linkadumpha lokha lisanafunse mutu.

Patapita masiku anayi Sosten analowa mu shopu ya Bessie, naonetsa Bessie zala zake. Ziwiri zinali ndi matuza.

"Nyimbo yachitatu ija ndaigwira," anatero. "Zaka khumi ndi zisanu ndikuimba besi, sindinatulukepo thukuta. Dzulo ndinachita kusintha malaya."

Tsiku lomwelo masana kunabwera Tina, namwino wochokera ku Zomba, amene ankakwatiwa mu Ogasiti ndi mphunzitsi wina wa ku Chisenga dzina lake Brave Sichali. Anabwera kudzayesa diresi. Ataima ndi mapini m'chiuno, mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ima bwino, ndikubaya," anatero Bessie.

"Anti, ndi nyimbo yanji imeneyi?"

Tina analoza foni yake ku sipika, nawerenga zimene zinatuluka. Anati ndi mtundu wina wa roko, umatchedwa positipanki, ndipo iyi ndi nthambi yake yovinira.

"Dzina loipa," anatero Bessie. "Koma nyimbo yabwino."

"Anti, maukwati onse amene ndapitako chaka chino akulowera nyimbo zitatu zomwezomwezo. Ine ndikufuna kulowera iyi."

Bessie anachotsa pini pakamwa. Anali ataganiza kale zimenezi kwa masiku awiri, ankangodikira mkwatibwi wolimba mtima.

"Iyi ayi. Sitikudziwa kuti mzunguyu akukuwa chiyani, mwina akutukwana apongozi. Tipanga yathu. A Kayange ali ndi anzawo."

Anzawowo anali awiri: Elijah, kalipentala amene ankaimba ng'oma kutchalitchi, ndi Jean, mphunzitsi wa ku pulayimale amene ankadziwa gitala. Ankakumana madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, kuseri kwa shopu, pamodzi ndi operekeza akwati khumi ndi awiri. Sabata yoyamba zinthu sizinayende. Elijah anazolowera kukometsera, kuzunguliza timitengo pa ng'oma zonse mzere uliwonse ukatha. Jean ankaimba zingwe zonse zisanu ndi chimodzi n'kuzisiya zikulira.

Bessie sankadziwa dzina la chingwe ngakhale chimodzi, koma ankadziwa chimene akufuna.

"A Elijah, mukamakhoma msomali mumavinitsa hamala? Menyani pomwepo, mubwereze pomwepo. Aphunzitsi, gitalayo muziidula. Ikangolira, igwireni pakamwa."

"Ndiye itsala nyimbo yanji?" anafunsa Jean.

"Itsala malo oti anthu apondepo."

Jean anayesa. Anakanda kawiri, nagwira zingwe ndi chikhatho. M'kampata kamene kanatsalako besi ya Sosten inamveka yonse, ndipo atsikana awiri a kumapeto kwa mzere anayamba kudumpha asanauzidwe. Jean anawayang'ana, nayang'ana gitala yake, n'kuseka.

Vuto linatsala pa woimba. Anayesa mtsikana wa kwaya wa mawu okoma kwambiri, koma mawu akewo ankasungunuka pamwamba pa ng'oma ngati shuga m'tiyi. Anayesa mnyamata wina, iye n'kumatsanzira Chingerezi cha m'mphuno mpaka onse anagwa nacho chiseko. Nthawi yonseyi Bessie anali kutsogolo kwa mzere, akuwomba m'manja ndi kukuwa masitepe.

"Lamanzere! Lamanja! Bwerera! Ima! Wamuona? Mutenge!"

Lachiwiri la sabata yachitatu Sosten anasiya kuimba pakati pa nyimbo. Anamasula maikolofoni pa mtengo wake, napita nayo kwa Bessie.

"Amama, woimba tikumufunayo ndi uyu wakhala akutikalipira masabata awiri."

Bessie sanachite manyazi kapena kukanakana. Anailandira, naigogoda ndi chala, nati, "Yambani." Pofika Lachisanu anali atawonjezera mawu ena pakati pa masitepewo, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka: za namwino amene anabwera kudzabaya anthu jakisoni, iye n'kubayidwa mtima ndi mphunzitsi wa masamu, za msewu wa ku Chisenga umene Brave anauyenda pa njinga mpaka matayala kutha.

Nkhani inafika ku komiti ya ukwati. Wapampando, a Timothy Silungwe, amalume ake a Brave, anabwera okha ku shopu.

"Mayi Kachingwe, ife timakulemekezani chomene. Koma ndamva kuti mukufuna kulowetsa ana athu mu holo ndi nyimbo za anthu osuta chamba. Kubwera anthu akuluakulu a ku Chisenga, kubwera abusa, kubwera akuchikazi ochokera ku Zomba. Ukwati si malo oyeserera."

"Mwaimva nyimboyo, bambo?"

"Ndauzidwa."

"Bwerani mawa ndi komiti yonse. Mukapeza mawu amodzi oipa, tisiya. Mukaona sitepe imodzi yochititsa manyazi, tisiya."

Anabweradi, anthu asanu ndi awiri, nakhala pa mabenchi. Gulu linaimba, operekeza anavina. A Silungwe anakhala chopinda manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nkhope ili gwa. Koma amayi atatu a m'komiti anali ataimirira nyimbo isanafike pakati, ndipo msungichuma, bambo wonenepa wa ku Kasungu, ankamenya benchi ndi chikhatho.

"Ine sindinaikonde," anatero a Silungwe nyimbo itatha. "Ndi phokoso. Koma choipa sindinachimve, ndipo ukwati si wanga. Muimbe polowa pokha. Kamodzi. Zikatero tibwerere ku nyimbo za anthu."

"Yewo, bambo," anatero Bessie. "Kamodzi kakwana."

Ukwati unachitika Loweruka lachiwiri la Ogasiti. Atachoka kutchalitchi, anthu anadzaza holo cha m'ma wani koloko. A ku Chisenga anabwera pa malole awiri, fumbi lili mbuu m'mapewa, nakhala mbali ya kumanja. A ku Zomba anakhala kumanzere, atavala nsalu yofanana. Bessie anakwera pa nsanja ndi diresi yofiira imene anaimaliza m'mawa womwewo.

Elijah anamenyanitsa timitengo kanayi, nayamba. Sosten analowa. Sanaime kumbuyo, anafika m'mphepete mwenimweni mwa nsanja, besi ili m'munsi mwa mimba. Jean anakanda, nagwira. Chitseko chinatseguka, operekeza analowa awiriawiri, mawondo m'mwamba, mapewa akudula limodzi ndi gitala.

Holo yonse inangoti kakasi. Palibe anaimba nthungululu, palibe anawomba m'manja. Mayi wina wa ku Zomba anatseka khutu limodzi ndi chala. Jean anayang'ana Bessie ndi maso ofunsa. Bessie sanamubwezere diso. Anali ataona kale zimene Jean sanaone: pansi pa mipando, mizere yonse, mapazi anali akuponda.

"Lamanzere! Lamanja! Bwerera!"

Operekeza anafika kutsogolo, napatukana mizere iwiri. Pakhomo panaima Tina ndi Brave.

"Ima!"

Zonse zinaima. Ng'oma, besi, gitala, miyendo makumi awiri ndi inayi. Munamveka kulira kwa khanda kumbuyo ndi mpando umodzi ukukwekwesa simenti. Bessie anawerenga mumtima mpaka kanayi, akuyang'ana mkwati.

"Wamuona? Mutenge!"

Besi inabwerera ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo, ndipo Brave, mphunzitsi wofatsa uja amene anthu sankamudziwa kuti amavina, anadumpha n'kugwira mkazi wake dzanja. Nthungululu inayambira ku mbali ya a Chisenga. Amayi anadzuka ndi zitenje m'manja, anyamata anakankhira mipando kukhoma, ndipo a ku Zomba, posafuna kugonja kwa eni mudzi, analowa m'bwalo onse pamodzi. Tina anavula nsapato zake zazitali n'kupatsa mng'ono wake. Anthu sankadziwa masitepe, koma sizinavute. Nyimboyo inkawauza yokha poponda, ndipo Bessie akakuwa kuti "Ima!" holo yonse inkauma, anthu akuseka ndi mwendo umodzi m'mwamba, kudikira kuti besi iwamasule.

Nyimbo itatha anthu anakana kukhala pansi. Woyendetsa mwambo anayesa kulankhula, koma mawu ake anamira. Anapita kwa a Silungwe, nawanong'oneza. A Silungwe anayang'ana holo, nayang'ana wotchi yawo, kenako anakweza zala ziwiri kuloza ku nsanja, nkhope ikadali gwa.

Anaibwereza kachiwiri. Anthu atafuna kachitatu, Sosten anapukuta thukuta ndi mkono, nayamba kanjira kena ka besi kamene ankakayeserera yekha kunyumba. Elijah anamutsatira msanga ndi ng'oma. Bessie analibe mawu okonzeratu, choncho anayamba kuitana madera limodzilimodzi, Wenya, Chisenga, Lufita, Zomba, Dedza, ndipo dera lililonse likatchulidwa eni ake ankakuwa n'kulowa pakati. Abusa sanavine, koma anaimirira kuti aone bwino.

Lolemba m'mawa Tina anatumiza diresi ya ukwati ku shopu. Mpendero wake unali utang'ambika mbali yonse ya kumbuyo, wina ataupondapo. Bessie anali akuusoka, mawu ake atasasa moti ankangonong'ona, pamene panalowa mayi wina wamtali ndi mwana wake wamkazi. Anati dzina lawo ndi a Nyondo, achokera ku Wenya, ndipo anali nawo mu holo Loweruka. Mwana wawoyo, Ivy, ankakwatiwa mu Okutobala.

"Tikufuna gulu lanu lija," anatero mayiwo. "Ndi nyimbo yomwe ija."

"Ija ndi ya Tina," ananong'ona Bessie. "Wanuyu timupangira yake. Koma mundimvere ziwiri. Operekeza azibwera kuno masabata atatu, osajomba. Ndipo diresi ndidula ine, ilekeze pa kakolo."

Mayiwo anayang'ana mwana wawo. Ivy anavomera ndi mutu msangamsanga.

Bessie anamenya khoma la matabwa ndi chigongono. "A Kayange! Tabwerani mumve za ku Wenya." Kenako anatenga tepi, nauza Ivy kuti akweze manja.