Jinja Wogona Masiku Asanu

Amuna anga, a Goliati Ngozo, anali munthu wouma mutu, ndipo ndikunena ine amene ndinakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ku Joni anapitako kasanu ndi Wenela. Ulendo womaliza anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, jekete lalikulu ndi chifuwa chimene fumbi la mumgodi linawapatsa. Pofika chaka cha 1952 sankathanso kukwera kamtunda kochokera kudimba kwathu ku Biriwiri osaima katatu. Akakhosomola ankabisa kansalu m'thumba, ngati kuti ine wochapa zovala zawo ndinali wakhungu.

Mwana wathu wamkazi anali mmodzi yekha, Malita. Anakwatiwa ndi Sidiki, Msilamu amene anali ndi kasitolo ku Kandeu, ndipo analowa Chisilamu, nkupatsidwa dzina la Lukia. Bambo ake anang'ung'udza koma analola, poti Sidiki anali munthu waulemu. Chinawononga zinthu ndi Khirisimasi yoyamba ukwati utachitika. A Goliati anapha nkhumba nkufululitsa mowa, poti Mngoni wa ku Ntcheu chisangalalo chopanda nyama ndi mowa amachiyesa maliro. Malita anabwera, nkukhala pamphasa osakhudza mbale. Ndinamupatsa thobwa, iye nkundifunsa chapansipansi ngati mumtsukomo simunakhalepo mowa. Munakhalamo. Mtsuko wosadziwa mowa akanaupeza kuti m'mudzi mwathu? Anabweza chikho chodzaza, ndipo bambo ake anaona.

"Ngati za m'nyumba ya bambo wako zasanduka nyansi, usadzapondenso pano," anatero pamaso pa mudzi wonse.

Mwanayo anatengera bambo ake mutu womwewo. Sanapondenso zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkapita ku Kandeu kukamuona, kunyumba ndikunama kuti ndikukagulitsa kabichi. A Goliati ankadziwa, koma sankafunsa, ndipo dzina la Malita silinkatchulidwa pakhomo pathu.

Kumayambiriro kwa Disembala chaka cha 1952 a Goliati anandiitana pakhonde. Anali ataonda moti jekete lija linkaoneka ngati lobwereka.

"Nankhoma, mupite kwa woumba mbiya mukanditengere mtsuko watsopano. Woti sunalowepo ngakhale madzi."

"Mitsuko yonse ili m'nyumbayi yabooka?"

"Ndikufuna kupanga jinja."

Anandifotokozera kuti ku Joni anali ndi mnzawo wophika, Msilamu wosakhudza dontho la mowa, amene pa masiku a chikondwerero ankapanga chakumwa cha jinja, shuga ndi mandimu, chotuluka thovu ukatsekula botolo. Iyeyo ndiye anawaphunzitsa. Lamulo lake linali limodzi: chigone m'mabotolo masiku awiri basi. Tsiku lachitatu chimayamba kuluma, ndipo chikapitirira pamenepo chasanduka mowa.

"Ndiye mukamuuze abwere pa Khirisimasi," anatero akuyang'ana kuphiri.

"Ndikauze ndani?"

"Mukudziwa."

Ndinkafuna kuti alitchule dzinalo ndi pakamwa pawo, koma anayamba kukhosomola, ine nkuwasiya. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima. Zaka zonsezo akanatha kunena mawu awiri okha, koma anadikira mpaka imfa itaima pakhomo.

Ku Kandeu ndinamupeza Malita akuyeza mchere m'sitolo. Nditamuuza, anasiya kuyeza nkundiyang'ana.

"Anena okha ababa, kapena mwapeka ndinu amama?"

"Akudwala, mwana wanga. Chimanga cha chaka chino sadya."

Sidiki ndiye anayankha. Anati adzabwera onse awiri panjinga, Lachinayi, tsiku la Khirisimasi lenilenilo.

A Goliati atamva, anakhala ngati mnyamata wokonzekera ukwati. Anandituma kuboma kwa Mmwenye kukagula jinja wouma, shuga, yisiti ndi timphesa touma. Anapeza mabotolo khumi ndi awiri amene munali lemonedi, nkundiuza ndiwawiritse kawiri. Botolo lina la khumi ndi chitatu, labwino kwambiri, lobiriwira, analitaya kudzala chifukwa anamvamo kafungo ka kachasu. Chipande anasema chatsopano. Mtondo wathu anaukana poti timasinjiramo chimera, ndipo jinjayo anamuphwanya okha pamwala umene anaukwecha ndi mchenga. Ankamenya katatu nkupuma, katatu nkupuma. Nditafuna kuwalandira anandikaniza.

Lachiwiri m'mawa anawiritsa jinjayo mumtsuko watsopano uja, nkuthiramo shuga ndi mandimu a mumtengo wathu wa kuseri. Anadikira kuti madzi azizire mpaka chala chikhoze kupirira, kenaka anaikamo yisiti pang'ono kwambiri, wongokwana pansonga ya mpeni. Masana anasefa ndi nsalu yoyera, nkuthira m'mabotolo, m'botolo lililonse nkugwetsamo timphesa tiwiri. Ankati timphesato tikayandama ndiye kuti zapsa. Zivindikiro anazimanga ndi luzi, mfundo ziwiri ziwiri. Pomaliza anali atanyowa thukuta, milomo itayera, koma anakhala pansi nkumawerenga mabotolo aja mobwerezabwereza ngati angathawe.

Lachitatu mvula inayamba. Kwathu mvula ya Disembala timaidziwa, koma imeneyo inali ina. Inagwa tsiku lonse, nkugwanso Lachinayi. Pochokera ku Misa anthu ankanena kuti mtsinje wa Livulezi wadzaza mpaka m'minda, ndipo palibe wochokera ku Kandeu amene angawoloke. Timphesa tinali titayandama m'mabotolo onse.

Achibale anasonkhana pakhomo pathu monga mwa chaka ndi chaka. Chaka chimenecho panalibe nkhumba. Panali mbuzi yomangirira pamtengo, yodikira kuti Sidiki adzaizinge yekha. Mng'ono wawo wa a Goliati, a Fanizo, anasuzumira m'nyumba nkuona mabotolo.

"Achimwene, tsekulaniko limodzi tilawe za ku Jonizi."

"Si zanu."

"Nanga alendo anuwo akapanda kubwera?"

"Abwera."

Anthu anadya nkhuku ndi mpunga mwakachetechete, nkubalalika dzuwa likadalipo. A Goliati anakhala pakhonde atafunda jekete, maso ali panjira.

Lachisanu botolo limodzi linaphulika, magalasi nkumwazika mpaka pakhomo. Loweruka linaphulika lina. Ndinawauza kuti titaye tipange wina, koma shuga anali atatha, jinja atatsala kachidutswa, ndipo njira ya kuboma inali matope okhaokha. Iwo anakumba kadzenje m'mbali mwa khoma, nkukwirira mabotolo khumi otsalawo mumchenga wonyowa.

"Kuzizira kumugwira, sapitirira," anatero.

Munthu amene anamwa mowa zaka makumi anayi sankafunika ine kuti ndimuuze zimene masiku asanu amachita.

Anafika Lamulungu masana, akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo. Sidiki anaimika njinga patali, nkubwera akuwomba m'manja. Malita anagwada pafupi ndi khonde, mutu utaphimbidwa ndi mpango woyera. Atakweza maso nkuona bambo ake, ndinaona kuti wadzidzimuka. Amene anamusiya anali chimphona cha munthu, ndipo amene anamupeza anali mafupa.

"Muli bwanji, ababa?"

"Ndili bwino, Nangozo. Mwayenda bwanji?"

Sanamutchule Malita, sanamutchule Lukia. Anamutchula ndi mfunda wawo, ndipo mwanayo anagwetsa nkhope. Analonjerana ndi Sidiki, nkufunsana za mvula ndi za mtsinje, nkhani nkuthera pomwepo. Aliyense ankayang'ana mphasa.

"Nankhoma, bweretsani zija."

Ndinafukula botolo limodzi, nkulipukuta, nkubweretsa ndi makapu atatu atsopano. A Goliati anadula luzi. Chivindikiro chinauluka chokha nkukamenya denga, thovu nkusefukira m'manja mwawo. Sidiki anaseka, Malita nayenso nkumwetulira koyamba.

"Mtsuko wake ndi watsopano," anatero a Goliati. "Chipande chatsopano. Mabotolo anawiritsidwa kawiri. Afunse amayi ako."

Anathira pang'ono m'kapu yawo nkulawa, monga amachitira mwini nyumba asanapatse mlendo. Ndinkawayang'ana pakhosi. Anameza, nkutseka maso, ndipo ndinadziwa. Fungo lake ndinali nditalimva kale pansi pa jinja ndi mandimu, fungo limene mkazi aliyense wofulula amalidziwa. Malita anali atayiwala kapena sankafuna kulimva. Sidiki sanalidziwepo chibadwire.

A Goliati anadzaza kapu yachiwiri. Anaipereka kwa mwana wawo.

Ndinene zoona, mumtima ndinkati amwe basi. Kapu imodzi sikanamuledzeretsa, sakanadziwa, ndipo bambo ake akanafa ataona chimene ankachifuna. Ndinatseka pakamwa panga mwadala, ndipo sindinachite manyazi.

Malita analandira ndi manja awiri. Nthawi ino sanafunse za mtsuko, sanafunse kanthu kalikonse. Anati "Bisimilahi" chapansipansi, nkukweza kapu.

Sindidziwa mphamvu anazitenga kuti. A Goliati anadumpha pampando nkumugwira mkono. Kapu inagwa, jinja nkutayikira pamphasa ndi pachitenje chake. Malita anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Ndinaona pankhope pake kuti akuganiza kuti zaka zisanu ndi chimodzi zija zabweranso, kuti amuitanira kudzamuchititsa manyazi kachiwiri. Sidiki anaimirira.

"Usamwe, mwana wanga." Mawu ankatuluka movutikira. "Wagona masiku asanu. Ndi mowa uwu."

Chifuwa chinawagwira pomwepo. Anakhosomola atagwada pamphasa, ndipo kansalu sanathe kukabisa. Tonse tinaona magazi. Atapeza mpweya analankhula akuyang'ana pansi.

"Ndimafuna umwe kanthu m'nyumba mwanga ndisanapite. Ndinadziwa nditangolawa, koma ndinakupatsabe. Ndikanakunamiza. Apongozi, mundikhululukire."

Zaka zonse za ukwati wathu sindinawamvepo akupepesa munthu. Ndinalira, ndipo theka la misozi yanga linali la mkwiyo, chifukwa ndinkaona kuti ataya okha chinthu chimene anachivutikira ndi mpweya wawo womaliza. Sidiki anagwada nkuwathandiza kukhala pampando.

"Palibe cholakwa, apongozi. Mwatisunga."

Malita anatola kapu ija nkuiyang'ana mkati. Kenaka anapukuta manja a bambo ake ndi nsonga ya chitenje chake, chala chimodzi chimodzi, poti anali omata ndi shuga.

"Ababa, jinja watsala?"

"Kachidutswa."

"Kakwana?"

"Mabotolo atatu kapena anayi. Koma shuga watha."

"Shuga tabweretsa, ali panjinga. Mabotolo nditsuka ndekha. Mwati zimagona masiku angati?"

"Awiri."

Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inu muzinge mbuziyo tidye, kenaka muzipita mukaone sitolo. Ine mudzanditenge Lachitatu."

A Goliati anamuyang'ana ngati sanamve. Kenaka anatembenukira kwa ine, mawu awo akale aja atabwerera pang'ono.

"Nankhoma, mwangoima bwanji? Kasesereni mwana kuchipinda."

Tsiku lomwelo Malita anagwada pamwala uja kuphwanya jinja, bambo ake ali pampando akumudzudzula kuti akumenya ngati akusinja chimanga. Iye ankawayankha, iwo nkumuyankhanso, mitu iwiri youma pakhonde limodzi. Mabotolo asanu ndi anayi akale aja anamwa a Fanizo ndi anzawo, ndipo anaimba mpaka kudambo.

Lachiwiri masana timphesa tinayandama. A Goliati analawa, nkugwedeza mutu, nkudzaza kapu. Malita anamwa yonse osapumira, thovu nkumutuluka m'mphuno, nkupereka kapu kuti amuwonjezere. Bambo ake sanamwenso. Ankangomuyang'ana akumeza.

Lachitatu Sidiki anabwera ndi njinga, koma anabwerera yekha. Malita anati akhalabe pang'ono. Anakhala milungu isanu, ndipo madzi omaliza amene a Goliati anamwa anawamwetsa ndi iyeyo.