Masamu a Lesieli ndi Mawu a Azakhali

Lesieli ankapala kokonati pang'onopang'ono kuseri kwa khitchini. Masiku ena ntchitoyi inkatha madzi asanawire, koma Lamulungu limeneli ankaichedwetsa dala. Chakudya chikapsa, azakhali ake a Sinisia alankhula. Ndipo kuno ku zilumba za Vava'u, zimene mlongo wa bambo ako wanena pa chakudya cha banja, zathera pomwepo.

Azakhaliwo anali atagamula kale kuti Lesieli akaphunzitse masamu pasukulu ya mpingo. Koma yunivesite ina ku Brisbane, kutsidya kwa nyanja, inali itamutenga kuti akachite digiri yachiwiri, ya masamu ofufuzira zinthu pogwiritsa ntchito ziwerengero, ndipo inkadikira yankho lake sabata yomweyo.

"Iwe, kokonatiyo ukumupempha kaye chilolezo?" anatero Heilala, mkulu wake, akubwera ndi masamba a koko. "Tandiuza, ku Brisbaneko atulukira manambala atsopano? Amene unakaphunzira ku Suva aja anatha?"

Lesieli anangomwetulira. Iye sankabweza mawu, ngakhale ali mwana.

Bambo awo, a Sunia, anadutsa kuchokera kudzenje lowotcheramo nkhumba, maso ali ofiira ndi utsi.

"Ababa, munakawauza azakhali za ku Brisbane?" Lesieli anafunsa chapansipansi.

"Ndinapita, mwana wanga. Ndinafika mpaka pakhonde."

"Ndiye?"

"Ndinawasiyira nsomba."

Heilala anaseka mpaka kugwetsa masamba. Lesieli sanawaimbe mlandu bambo ake. Mwamuna satsutsana ndi mlongo wake, ngakhale atamera imvi. Bambo omwewa ndi amene anamuyambitsa zonsezi, chifukwa kwa zaka zambiri ankadandaula kuti nsomba zikuchepa ndipo zikupezeka kutali. Anzawo ankati ndi ukalamba chabe, ndipo panalibe wodziwa zoona zake.

Atachoka kutchalitchi, abale anayala mikeka pansi pa mtengo wa mango. Nkhumba inafukulidwa, a Sunia n'kudula msana wake, womwe ndi gawo la azakhali. Mwana wa mchimwene wawo ndiye amakapereka: amapita chowerama, n'kuika mbale, n'kubwerera osanena kanthu.

Lesieli anapita chowerama. Anaika mbale. Kenako anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mapazi a azakhali, mutu wake uli m'munsi mwa wawo.

Phokoso la mbale linaleka. A Sunia anayamba kuyang'anitsitsa mpeni wawo.

"Waiwala njira yobwerera?" anafunsa a Sinisia. "Kapena lero tidyera limodzi msanawu?"

Ena anaseka. Lesieli anadikira kuti amalize.

"Azakhali, ndili ndi mawu."

"Mayo ine! Kamalankhula kameneka?" anatero a Sinisia, akuyang'ana Heilala. "Ndimayesa kamangowerengera. Nena, koma za sukulu ndinamaliza kale. Masamu uli nawo okwanira ana onse a pachilumba pano."

"Ophunzitsira ana ndili nawo, inde," anatero Lesieli. "Koma ababa akafunsa ngati nsomba zikuthadi, sindingawayankhe. Asodzi amakoka zosiyanasiyana, wina lero zambiri, wina mawa ayi. Pali njira yoonera chenicheni pakati pa zosiyanazo, ndipo ndaidziwa theka lokha. Ndikaimaliza ndidzagwira ntchito ndi a zausodzi, tizidziwa malo a m'nyanja oyenera kupumitsa ndi nthawi yake."

"Opita kumeneko sabwerera," anatero a Sinisia, ndipo apa sanaseke. Mwana wawo yekhayo anapita ku Sydney, m'dziko lomwelo, kalekale.

"Nsomba zimene ndikufuna kuwerengazo zili kuno, Azakhali."

A Sinisia anatenga kachidutswa ka nyama, n'kukayang'ana, osakadya. "Ndiye ukundipempha, kapena ukundiuza?"

Lesieli anadzutsa maso, koyamba m'moyo wake, n'kuwayang'ana kumaso.

"Ndinu munanditcha dzina, ndiye sindingapite mobisa. Mawa ndiwayankha a ku yunivesite kuti ndikubwera. Chimene ndikupempha ndi china: mkeka wa mwambo wovala m'chiuno tsiku lolandira digiri mundilukire ndinu. Wa munthu wina sindikauvala. Maphunzirowo ndi a zaka ziwiri, Azakhali, ndipo ndikudziwa kuti simuluka mothamanga."